Zikhomo Zoyela pa Mkuyu

Mudzi wa Mphanza,
Kwa Nyalugwe,
Nyimba.
19 Novembala 2023

Okondedwa asisi anga a Keziah,

Ndikhulupilila kuti kalata iyi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Kabwe. Ife kuno tilipo. Za amai athu ku Kaumbwe ndinamva kuti mwendo uja unaphwa ndipo ayambanso kupita kumunda, ngakhale ine sindinawaone ndi maso chiyambile kukolola.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Foni ndi ya amuna anga a Conrad, ndiponso mudziwa kuti kuno netiweki imagwila pa chulu cha kusukulu chabe, pamene anthu amaima pamzele n'kumamva zonse zimene mnzawo akulankhula. Tsiku lija munandifunsa kuti, "Agnesi, uli bwino zoona?" kumbuyo kwanga kunali anthu, ndiye ndinangoti ndili bwino. Zimene ndifuna kukuuzani si za pachulu. Kalatayi ndipatsa mai wina wa ku Kacholola amene amapita ndi nthochi ku Lusaka, iye adziwa m'mene angaifikitsile kwa inu. Mundikhululukile zilembo zokhota.

Asisi, ndili ndi pakati. Chitenje chayamba kuthina. A Conrad adziwa, amai Hellen a pafupi nafe aja anaona okha, koma amai athu sindinawauze. Ndinayenela kukondwa, koma chiyambile Okutobala ndikukhala ndi mantha, ndipo mantha ake ndi a mwana wanga woyamba uja amene anabadwa osalila.

Inu munalipo, ine ndinali chigonele m'nyumba. Sanandionetse. Anati nthayo mai wake saiona, sailila, ndipo amuna sapita nawo kokaitaya, safunsanso n'komwe. Munanyamuka inu, apongozi anga ndi amai Hellen, n'kupita kuseli kwa mkuyu, m'mphepete mwa dambo, m'bango muja mumene akazi a mudzi uno amasiya ana otelo chiyambile kale. Mutabwelako amai Hellen anagwila mkono wanga n'kuloza pa chigongono. Anati, "Tam'goneka m'dzenje lofika apa chabe, mwana wanga. Nthayo saikwilila pansi kwambili. Dothi likam'lemela, mimba ya mai wake imatsekeka, ndipo amene akubwela pambuyo sapeza njila." Mawu amenewo ndinawasunga. Pa mkuyupo palibe mtanda, palibe mwala, palibe chilichonse choonetsa. Akazi tokha ndife timadziwa, ndipo sitidulapo bango kapena kukumbapo dothi la miphika.

Za madzi a mu Febuluwale munamva pang'ono chabe. Kamtsinje kathu ka Kamwazi kanadzala masana, anthu ali kumunda. Dambo lonse linasanduka nyanja, madzi anakwela n'kulowa m'mudzi ngati akudziwa njila. Ndinathamanga n'kupeza mphasa yathu ikuyandama pakhomo, nkhuku zili padenga, khitchini ya apongozi itagwa kale. Nkhokwe zambili zinagwa. Tinagona m'kalasi kusukulu, kenaka m'matenti a boma, tikudya unga wa chithandizo umene unali kubwela mochedwa chifukwa motoka inali kutitimila panjila. Munthu sanafe, koma mpaka lelo ana akamva bingu amathamangila kusukulu okha. Ndikulemba izi kuti muone kuti anthu a mudzi uno si oipa. Madzi anawaopsa zoona, ndipo ine anandiopsanso.

Mu Ogasiti anabwela anthu a boma kudzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anati adzakumba ngalande yaikulu yochotsa madzi m'dambo kuwapeleka ku Kamwazi kumunsi, ndipo dothi lotuluka m'ngalandemo adzaliunjika mbali ya kumudzi kuti likhale khoma. Anthu anaomba m'manja, azimai analuluta. Amuna anakhala pa mabenchi kutsogolo, ife pansi kumbuyo monga mwa masiku onse. Pakati pa alendowo panali mtsikana mmodzi, a Happiness, wovala nsapato zazikulu ndi chisoti chachikasu, ndipo ndi amene anasiyidwa kuti aziyang'anila nchito. Iwo anafunsa bwinobwino kuti, "Kodi pali manda, chitsime kapena malo ena alionse amene ngalande isakhudze?" A Daka, apampando a komiti, anaimilila n'kuloza manda kumtunda, n'kulozanso mjigo. Anati, "Kwina konseko ndi bango ndi achule chabe, kumbani m'mene mufunila." Amuna onse anavomeleza. Sananame, asisi, ananena zimene adziwa. Ife akazi tinayang'ana pansi. Amai Hellen anatsokomola, apongozi anawatsina pantchafu, msonkhano n'kutha.

Ine ndinaganiza kuti dambo ndi lalikulu, ngalande idzadutsa kwina.

A Conrad anawasankha m'komiti, ndipo anawapatsanso ganyu yonyamula zikhomo ndi kuzikhoma pamene a Happiness aloza. Anakondwa kwambili. Mudziwa kuti si munthu amene amasankhidwa kawilikawili. Tsiku lina anabwela manja ali penti yekhayekha, ine ndikuwathilila madzi osamba m'manja, iwo akuseka n'kumati, "Lelo tafika mpaka pa mkuyu. Pamenepo nchito inali yosavuta, dothi lake ndi lofewa, chikhomo chimangolowa chokha." Beseni inandipulumuka. Anandifunsa ngati ndili ndi chizungulile, ndinati inde.

M'mawa mwake ndinatenga chingwe ngati ndikupita kunkhuni. Ndinaima patali n'kuona mizele iwili ya zikhomo. Zofiila zinadutsa kunsi kwa bango, zoyela zinakwela n'kuzungulila malo aja onse mpaka patsinde pa mkuyu. Madzulo ndinafunsa a Conrad kuti zoyelazo ndi za chiyani. Anati, "Pamenepo ndi pokhala khoma. Lidzakhala lalitali kuposa ine, chimakina chidzalipondanso kuti lilimbe. Chaka chino udzagona ngati mwana, Agnesi." Ndinayang'ana utali wawo kuchokela kumapazi mpaka kumutu, kenaka ndinayang'ana chigongono changa. Kuwauza sindikanatha. Ndikanayamba ndi liwu liti, kwa mwamuna, nkhani imene akulu onse anati mwamuna saimva?

Ndinapita kwa apongozi. Ndinawapeza akusenda nshawa za mbewu, ndinagwada pambali n'kudikila. Mawu anatuluka pang'onopang'ono, koma anandimva msanga.

Anati, "Uganiza kuti sindinazione zikhomozo? Anganso ali komweko, si wako yekha."

Ndinati, "Nanga tichite bwanji, amai?"

"Tichite bwanji chiyani? Zimenezo sitilankhula pa amuna. Ndiponso boma likamva mkangano limanyamula chimakina chake kupita nacho kwina, midzi yodikila ilipo yambili. Ufuna ndikagonenso m'kalasi pa ukalamba uno, ana a sukulu akundiona ndikusintha chitenje?"

Ndinati, "Koma ine ndili chonchi."

Anandiyang'ana pamimba nthawi yaitali. Ndinaona kuti nawonso zawakhudza, chifukwa manja awo anaima. Koma anangoti, "Pemphela. Ndipo ukhale chete monga umakhalila. Ndi chimene ndinakukondela pamene Conrad anakubweletsa."

Amai Hellen okha anayesa. Anapita kwa a Daka n'kuwauza kuti akazi sakufuna kuti pa mkuyu pakhudzidwe. A Daka anaseka n'kunena kuti, "Amai, mtengo wanu sitidula, a boma nawonso amakonda mitengo. Nkhuyu mudzadyabe." Amai Hellen anabwela atakwiya, n'kundiuza kuti, "Amuna a mudzi uno ukawalozela mwezi amayang'ana chala." Koma kupitilila pamenepo nawonso sanathe. Pakamwa pawo m'pakuthwa pa nkhani zonse, koma pa iyi lilime lawo linalemela ngati langa.

Ndidziwa zimene munganene, kuti izi ndi zakale, kuti ndife a mpingo, kuti anamwino anati mwana uja anatopa chifukwa ndinachedwa kufika ku kiliniki. Ndidziwa zonsezo. Kusikelo ndikupita, mapilitsi ndikumwa, m'neti ndikugona. Ndinapemphela kuti Mulungu andichotsele maganizo amenewa, koma sanachoke. Chimakina chitabwela n'kuyamba kukumba kuchokela kumunsi kwa Kamwazi, chikangolila m'mawa m'mimba mwanga munali kuuma ngati mwala. Ndinali kuganiza kuti ngati amai Hellen ananena zoona, ndiye kuti ndikumva ndi makutu anga chinthu chikubwela kudzatseka njila ya mwana amene ndanyamula, ine ndikusesa pabwalo. Ndinaleka kudya bwino. Tsiku lililonse phokoso linali kuyandikila, ndipo madzulo a Conrad anali kundiuza mokondwa pamene afika.

Woyendetsa chimakinacho ndi bambo wina wa ku Petauke, a Ezekiel, munthu wanthabwala amene mudzi wonse unam'konda. Azimai a m'mudzi anali kum'pelekela thobwa ndi nthochi. Chimkono cha chimakinacho chikatapa kamodzi chimachotsa dothi lodzaza ngolo. Ndinaliona khomalo kumunsi kumene anali atamaliza. Ndi lalitali zoona, pamwamba pake mbuzi zimayendapo.

Lachinayi lapitali a Conrad anadzuka m'mamawa n'kunena kuti lelo adutsa pa mkuyu. Atachoka ndinatenga khasu kuti ndipite kudimba. Sindinakonze chilichonse, asisi, ndikanakonza ndikanaopa. Miyendo inangosiya njila ya kudimba. Ndinalowa m'bango muja koyamba m'moyo wanga. Sindinadziwe pamene munam'goneka, ndiye ndinali kuponda ndi zala, kuopa kum'ponda iye kapena wa mnzanga. Ndinapeza pouma pafupi ndi chikhomo choyela, ndinayala chitenje n'kukhala pansi.

Chimakina chinabwela mpaka nthaka inayamba kunjenjemela pansi panga. Ndinatseka maso. Kenaka chinazima.

A Ezekiel anafuula ali pamwamba, "Amai, mwabwela kudzaothela dzuwa? Sunthani pang'ono, chimkono ichi chilibe maso."

Sindinasunthe. Anatsika n'kubwela pafupi. "Kapena mwandikonda? Ndili naye kale mkazi ku Petauke, ndipo ndi waukali kuposa chimakinachi."

Anyamata a ganyu anaseka. Anthu anayamba kubwela kuchokela kumudzi, chifukwa chimakina chikazima masana aliyense amafuna kudziwa. A Daka anafika akupuma mwamphamvu. "Conrad ali kuti? Conrad, mkazi wako wadwala kodi?" Wina kumbuyo anati, "Akufuna boma limulipile, kapena bango ndi munda wake." Winanso anati, "Si wa ku Kaumbwe uyu? Afuna chimakina chikakumbe kwawo." Mawu amenewo anandilasa, chifukwa amene anawanena ndi munthu amene tinagona naye tenti imodzi.

A Conrad anabwela akuthamanga, nyundo ili m'manja. Ananjuta patsogolo panga n'kulankhula motsitsa. "Agnesi, n'chiyani? Ndakulakwila chiyani? Ngati ndi ine, tikakambe kunyumba. Anthu akutiona." Anandigwila mkono kuti andiimike, ine ndinagwila bango ndi dzanja linalo mpaka linandicheka. Sindinawakanepo a Conrad chinthu chilichonse chikwatilane. Anandisiya n'kundiyang'ana ngati munthu amene sam'dziwa.

A Happiness anabwela n'kugwada pambali panga, buluku lawo m'matope. Anati, "Sisi, vuto ni chani? Niuzeni ine." Ndinayang'ana miyendo ya amuna itatizungulila, ndinayang'ananso pansi. Pamenepo amai Hellen analowa pakati, dengu la nthochi lili pamutu. Analitula n'kunena kuti, "Amuna inu, tapitani mukaone ngati mbuzi zanu zikadali ndi michila. Inunso a Daka. Inunso bambo wa chimakina, mkazi wanu waukali uja akukuitanani." A Daka anati iwo ndi apampando, ayenela kumva. Amai Hellen anati, "Mpando wanu mukakhalile uko." Amuna anang'ung'udza koma anasuntha mpaka kumsewu, a Conrad pambuyo pawo, akucheuka.

Tinatsala akazi tokha. Apongozi analipo, ataima kumbali, manja kumbuyo. Amai Hellen ndi amene analankhula, mwachidule, akuloza ndi mlomo. A Happiness anavula chisoti n'kuyang'ana bango lonse, n'kuyang'ananso pamene anagwada, n'kusuntha bondo lawo msanga.

Anati, "Koma pa msonkhano tinafunsa."

Amai Hellen anati, "Munafunsa, mwana wanga. Anayankha ndi amene anali pa mabenchi."

"Nanga bwanji simunanditengele pambali? Ndakhala kuno masiku onsewa, ndadya nthochi zanu."

Amai Hellen anawelama n'kuyamba kukonza nthochi m'dengu. Zoona zake n'zakuti tinali kuwaona a Happiness ndi buluku ndi chisoti, akuyenda ndi amuna, akulamula amuna, ndipo palibe mwa ife anaganiza kuti angauzidwe za akazi.

A Happiness anakwela pamwamba pa chimakina, pokwela kuposa chulu chija, kuti foni igwile, n'kulankhula ndi abwana awo nthawi yaitali m'Chingelezi. Atatsika anatiuza mosabisa. Anati njila ya ngalande singasinthe, mafuta anapimidwa kale ndipo chimakina chikudikilidwa kwina mwezi uno usanathe. Chimene iwo angachite ndi kutaya dothi la pamenepo tsidya linalo, kuti pa mkuyu pasagwe kanthu. "Koma mumve bwino," anatelo. "Khoma lidzakhala ndi mpata. Ngalande ikadzadzala, madzi adzafuna potulukila, ndipo adzapapeza pano. Nyumba yoyamba kumunsi kwa mpatawu ni ya ndani?"

Apongozi anati, "Ndi yanga. Yachiwili ndi ya mwana wanga."

A Happiness anafunsa kuti, "Ndiye amai, tichite chiti?"

Akazi onse anayang'anizana. Ambili a iwo ali ndi ana amoyo ogona m'nyumba za kumunsi, ndipo ambili ali ndi awo m'bango lomwelo. Apongozi anati, "Funsani amene wakhala pansiyo."

Asisi, ine amene sinditha kusankha ngakhale chitenje pamsika, maso onse anali pa ine. Ndinaganiza za mphasa ija ikuyandama pakhomo, ndinaganiza za khitchini ya apongozi, ndi ana othawa bingu. Ndinaika dzanja pamimba. A Happiness anandifunsa kuti, "Tisiye mpata?" Ndinagwedeza mutu kuvomela.

Kwa amuna a Happiness anangoti, "Malo awa ni ya azimai. Khoma silipita apa." A Daka anayamba kufunsa, koma ataona nkhope za akazi analeka. Ndiganiza ena achikulile anazindikila, chifukwa anavula zipewa n'kubwelela kumudzi. A Conrad anatsala. Anayang'ana ine, anayang'ana amai awo, anayang'ana bango. Anapita pa chikhomo chimene chinali pafupi nane n'kuchizula pang'onopang'ono ndi manja awili. Anayang'ana matope a kunsonga kwake nthawi yaitali. Kenaka anachoka nacho, nyundo anaiiwala pomwepo.

Tsopano ngalande inadutsa, chimakina chili kumtunda kwa dambo, ndipo khoma lili ndi mpata waukulu ngati kuchoka pakhomo pathu kufika pakhola. Ukaima pabwalo la apongozi umauona bwinobwino, ngati m'kamwa mochoka mano. Pa mkuyu sipanagwe dothi ngakhale lodzaza dzanja. Ndinaganiza kuti mtima ukhala pansi, koma mantha angosintha malo.

Kumjigo akazi akandiona amaleka nkhani. Ena amene anali nane m'bango muja amandipatsa moni ndi maso chabe, amuna awo akakhala pafupi sandiyang'ana. Ana ayamba kale kupatcha pamalopo kuti pa chipata cha Agnesi, ndipo ana satchula chimene sanamve kunyumba. Apongozi sanandikalipile. Anangotenga mbewu zawo, mabulangeti ndi Baibulo n'kuzimangilila kudenga ndi luzi, ine ndikuona. Ndinapita kuti ndiwathandize, anati, "Usanyamule zolemela." Sindidziwa ngati kunali kundikonda kapena kundithamangitsa.

Lachisanu kunagwa mvula yoyamba, yaing'ono, yongopha fumbi. Ndinapita kukaona ngalande. Madzi anali pansi penipeni, ofika m'kakolo, koma ndinaima pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi, ndikuwayang'ana ngati angakwele ndikacheuka. Mitambo ikuunjikana mbali ya ku Luangwa madzulo alionse. Ndimaganiza kuti madzi akadzabwela ngati a mu Febuluwale n'kutenga mwana wa munthu, mwana woyenda, wokhala ndi dzina, ndidzaima pati ine? Ndimaganizanso kuti madzi omwewo podutsa pa mpata adzadutsa pamwamba pa wanga, ndipo iye ali pa chigongono chabe. Ndinam'teteza ku dothi, koma ku madzi sindidziwa.

A Conrad sanandilankhule Lachinayi lija, ngakhale lotsatila. Sanakwiye, chakudya anali kudya, koma anali ngati munthu wochokela kumalilo amene sanauzidwe kuti ndi a ndani. Ku ganyu sanapitenso. Mailo m'mawa anabweleka wilibala kusukulu n'kuyamba kututa miyala kuchokela kuphili. Akuiyala kumtunda kwa mkuyu, mbali ya kumudzi, kutali ndi bango, kuti ilumikize khoma mozungulila. A Happiness anadutsa n'kuwaonetsa pamene mzele uyenela kukhota, anati miyala yokha siigwila madzi, pafunika masaka a mchenga kumbuyo kwake. Mtunda wake ndi wautali ndipo ali okha. Amuna anzawo amaima pamsewu n'kumaona. A Ezekiel anaima ndi njinga n'kunena kuti, "Bambo, mufuna kundilanda nchito?" koma ataona kuti saseka anatsika n'kuwathandiza kukankha ulendo umodzi. Pofika madzulo mzele unali usanafike m'mawondo, usanafikenso pakati. Ndinaona kuti akamabwela ndi wilibala salowa m'bango, amazungulila kutali ngakhale njila yaifupi ilipo.

Masana ndinawapelekela thobwa. Anakhala pa wilibala n'kumwa, manja atang'ambika ndi miyala. Ine ndinagwada pambali kudikila kapu. Anayang'ana ku mkuyu, osati kwa ine, n'kufunsa motsitsa kuti, "Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

Ndinati, "Sindidziwa. Sanandiuze."

Anagwedeza mutu, anandipatsa kapu, n'kunyamula wilibala.

Ndili ndi zopempha, asisi, mundikhululukile. Ngati alamu angapeze masaka akale kumene amagwila nchito, ngakhale ong'ambika, atumize pa basi ya ku Chipata atsitse pa Kacholola, ine ndidzawasoka. Ngati mungathe kubwela mvula isanadule msewu, bwelani, ngakhale masiku ochepa. Amai athu musawauze za mpata, ali ndi mwendo wawo, adzayamba ulendo wapansi. Za pakati muwauze ndinu, ine ndichita manyazi. Pobwela ndi kapu ija ndinamva kanthu kakutembenuka m'kati ngati kansomba. Ndinaima panjila osapuma. Sindinauze munthu, chifukwa woyamba uja nayenso anali kutelo.

Mupeleke moni kwa alamu, muwauze kuti sindinaiwale nsapato zija ananditumizila. Moni kwa mwana wanu Tamandani, alimbikile sukulu asakhale ngati ine wolemba mokhota. Moni kwa kamwana kanu, mukapsompsone m'malo mwanga, mukagwile kwambili. Amai Hellen akupatsani moni. Apongozi sadziwa kuti ndikulemba, koma ndikhulupilila akanapeleka. A Conrad ali ku miyala ngakhale lelo ndi Sabata, ndikumva wilibala ikulila kuchokela pano.

Ndidziwa kuti tsiku lija la pa mkuyu akulu anakulangizani kuti musadzanene ngati anali wamwamuna kapena wamkazi, ndipo mwasunga bwino. Apongozi sindingawafunse, amai Hellen adzati zinapita. Mwatsala inu, amene munam'nyamula m'chitenje chanu. Musaimbe foni. Mulembe pa kapepala liwu limodzi chabe, mupinde, mupatse mai wa nthochi. Ine sindidzatsegula ndekha, ndidzapita nako kumene akuyala miyala.

Mutipemphelele mvula ichedweko pang'ono.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Agnesi